Dell yanga yakale nditaiwonjezera RAM: zomwe zasintha ndi zomwe zatsala momwemo

Pakashopu kanga kotayipira ndi kupulinta ndimagwiritsa ntchito Dell OptiPlex 7010 ya tower, imodzi mwa makompyuta aja amabwera pakaunjika atatumikira kale m'maofesi akunja. Mtundu umenewu unatuluka mu 2012. Mkati mwake muli purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel Core i5-3470, ndipo inandipeza ili ndi RAM (memory yogwirirapo ntchito ya pakali pano) imodzi ya 4 GB ndi hard disk ya 500 GB. Chilimwe chatha ndinaiwonjezera RAM, poyamba kufika pa 8 GB, kenako pa 16 GB. Tsopano yadutsa nyengo yafumbi, yadutsa dzinja, yadutsanso mpanipani wa ana asukulu opulinta mafomu, choncho ndili ndi chonena. Ndalama yomwe ndinaika pa 4 GB yoyamba ija ndi imodzi mwa ndalama zomwe ndawononga mwanzeru pabizinesi ino. Ya 8 GB yachiwiri ija, ndikanakhala wina, ndikanayamba ndagulira chinthu china.

Vuto lake linali lotere. Ukayatsa n'kutsegula Word yokha, kompyutayi inkayenda bwinobwino. Koma ntchito yapashopu siyenda choncho. Kasitomala watumiza zithunzi za pologalamu ya ukwati pa WhatsApp, ndiye WhatsApp Web ili chitsegulire. Wina akufuna umudzazire fomu pa intaneti, Chrome ili ndi matabu angapo. Pambali pali Excel yamaakaunti, pali CorelDRAW, pulogalamu yojambulira, momwe muli khadi losamaliza, ndipo sikana ikudikira. Zikafika apo kompyuta inkakakamira. Udina pa Word, sikirini iyera mbee, kanyali ka hard disk kayaka osaphethira, mkatimo mukumveka kukukuta. Amayi ena omwe amabwera kudzapulinta malipoti a banki m'khonde anafika pozolowera kunena kuti, "Achimwene, ndikagule kaye tomato, ndikupezani yadzuka." Mawu amenewo ankandipweteka, chifukwa munthu akatero mawa amakapulinta kwina.

Musanagule chilichonse, chitani zomwe mmisiri wina anandionetsa. Nthawi yomwe kompyuta yakakamira, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, kenako pitani pa Performance. Yanga inkaonetsa Memory itapitirira 90 peresenti, Disk ili pa 100, koma purosesa ili phee, osafika n'theka lomwe. Umenewo ndiwo umboni woti vuto ndi RAM. Mukapeza kuti Memory ili pa 50 koma kompyuta ikuchedwabe, RAM yatsopano siikuthandizani, matenda ali pena.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Hard disk ili ngati nkhokwe, RAM ili ngati lichero. Chomwe ukupeta pakali pano chimayenera kukhala m'lichero, ndipo lichero likachepa umangokhalira kubweza china kunkhokwe kuti china chilowe. Windows imachita zomwezo: RAM ikadzaza, imasamutsira zina pa hard disk mufayilo yotchedwa pagefile, ndipo ukazifunanso imakazitenga komweko. Hard disk ya mbale zozungulira imachedwa kutalitali poyerekeza ndi RAM. Kukukuta kuja kunali kusamutsa kumeneku. Windows 10 payokha, usanatsegule kalikonse, inkadya pafupifupi theka la 4 GB yanga.

Pogula m'pamene pamafunika maso. Kompyuta ya m'badwo uno imalandira RAM ya mtundu wa DDR3, yomwe inayamba kupezeka mu 2007. DDR4, yomwe inabwera mu 2014, siingalowe ngakhale mutakankha bwanji, chifukwa DDR3 ya desktop ili ndi mapini 240, DDR4 ili ndi 288, ndipo kampata kapakati kali pamalo osiyana. Ine ndinazula RAM yakaleyo n'kupita nayo m'thumba kwa ogulitsa, ndipo ndikulangizani kutero. Pa kasitika kake panalembedwa 4GB PC3-12800U. PC3 ndiye DDR3, 12800 akutanthauza liwiro la 1600 MHz, pomwe 10600 ndi 1333 MHz. Chilembo chomalizacho musachiphonye. U ndi RAM wamba ya desktop. S ndi ya laputopu, yaifupi, ya mapini 204. R ndi ya maseva, ndipo imeneyi ndiyo yonyenga, chifukwa kutalika kwake n'kofanana, imalowa bwinobwino, kawirikawiri imakhala yotchipa, koma kompyuta ngati yangayi siyaka nayo. Patebulo la wogulitsa zonsezi zinali m'bokosi limodzi, zomangidwa ndi labala. Ndinasankha ndekha ya U ya liwiro lofanana ndi yanga. Mukasakaniza ya 1333 ndi ya 1600 zimagwira ntchito nthawi zambiri, koma zonse zimatsikira pa liwiro la yochedwayo.

Kuika kwake sikufuna ngakhale sikuludiraiva. Thimitsani, zulani chingwe kukhoma, dinani batani loyatsira kwa kamphindi kuti moto wotsalira uthe. Chivundikiro chapambali chimatseguka pokoka kachogwirira. Gwirani kaye chitsulo cha bokosilo musanakhudze RAM, chifukwa magetsi aja amathetheka m'thupi nthawi youma angathe kuiwononga. Malo olowetsamo RAM alipo anayi, aliwonse ali ndi timano tiwiri m'mbali. Mutsegule timanoto, muyang'ane kuti kampata ka RAM kalunjika pa kamzere ka pamalopo, muikhazike, kenako mukanikize ndi zala zazikulu ziwiri kumapeto konse. Pamafunika mphamvu yoposa yomwe mtima umalola. Mukamva kuti tha! uku, tha! uku, timano tadzitseka tokha, ndiye kuti yalowa. Ikamveka mbali imodzi yokha, siinalowe, ngakhale ikuoneka ngati yakhala. Ma RAM awiri aikeni m'malo omwe timano take n'tofanana utoto, kuti azigwira ntchito limodzi m'njira yotchedwa dual channel.

Pa 8 GB kusintha kunaoneka tsiku lomwelo, ndipo chomwe chikundisangalatsa n'choti sikunazilale. Zinthu zambiri zimakoma sabata yoyamba, kenako n'kubwerera mwakale. Iyi ayi. Mpaka lero ndimasiya WhatsApp Web, Chrome, Word, Excel ndi CorelDRAW zili chitsegulire kuyambira m'mawa mpaka potseka, ndipo kuchoka pa ina kupita pa ina kumachitika pomwe chala chadina. Task Manager inkaonetsa Memory pakati pa 60 ndi 75 peresenti pa tsiku lotanganidwa. Kusikana ziphaso zambiri n'kuziphatikiza mu PDF imodzi, ntchito yomwe kale inkaimitsa china chilichonse, tsopano imachitika ine ndikutayipa kalata ya munthu wina. Ndinaonanso kuti kukoka chithunzi chachikulu pa sikirini kunasalala. Purosesa imeneyi ili ndi Intel HD Graphics 2500, yomwe ilibe memory yakeyake koma imabwereka pa RAM yomweyo, choncho RAM ikamayenda m'njira ziwiri zithunzi nazo zimapindula.

Chisangalalo chimenechi ndicho chinandipititsanso kwa ogulitsa kukatenga ena awiri a 4 GB kuti malo onse anayi adzaze. Pa 16 GB sindinamve kusiyana kwenikweni. Memory kawirikawiri siifika n'theka lomwe. Pomwe ndaona phindu lake ndi pa zikwangwani zikuluzikulu za misonkhano ya mpingo, zokhala ndi zithunzi zolemera, ndipo zimenezo zimabwera mwa apo ndi apo. RAM yomwe siikugwiritsidwa ntchito siithamangitsa kanthu. Ngati ntchito yanu ndi kutayipa, maakaunti ndi intaneti, imani pa 8 GB.

Pali zina zomwe RAM siinakhudze n'komwe, ndipo ogulitsa sakuuzani. Kuyaka kwa kompyuta m'mawa kunali kochedwa monga kale. Kutsegula pulogalamu koyamba kunalinso chimodzimodzi, chifukwa zonsezo zimachokera pa hard disk. Zimenezi zinasintha nditaika SSD ya SATA ya 256 GB, disk yopanda mbale zozungulira yomwe imathamanga kwambiri kuposa hard disk, n'kusamutsirapo Windows, hard disk yakaleyo n'kuisiya yosungira mafayilo a makasitomala. Tsopano ndikayatsa, pomwe ndikumaliza kutsegula mawindo a shopu imakhala yakonzeka. Munthu amene ali ndi 4 GB ndi hard disk, ndalama zake zili zochepa, ndingamuuze kuti atenge 4 GB ina ndi SSD, osati 12 GB ya RAM. Intaneti nayo siinafulumire. Netiweki ikavuta, tsamba limachedwa chimodzimodzi, kaya muli ndi RAM yochuluka bwanji.

Mavuto ndakumana nawo awiri. Loyamba linabwera nditangofika pa 16 GB. Kompyuta inayamba kuonetsa sikirini yabuluu n'kudziyatsanso yokha, mwina kamodzi patsiku, mwina osachita n'komwe, ndipo fayilo ina yomwe ndinakopera pa fulashi inakafika yowonongeka. Ndinaika MemTest86, pulogalamu yoyezera RAM, pa fulashi, n'kuyatsira kompyuta pamenepo, n'kuisiya usiku. M'mawa inali itapeza zolakwika. Ndinayesa RAM imodziimodzi mpaka yodwalayo inadziwika, imodzi mwa ziwiri zatsopano zija. Wogulitsa anandisinthira, ngakhale poyamba anakana ponena kuti kompyuta ikuyaka ndiye RAM ili bwino. Zimenezo si zoona. RAM yowonongeka pang'ono imayatsa kompyuta bwinobwino n'kumakuwonongerani ntchito mwakachetechete. Choncho pogula yakaunjika gwirizanani kaye kuti mukaiyesa kunyumba ndipo mudzaibweza ikalephera. Amene alibe fulashi angagwiritse ntchito Windows Memory Diagnostic, yomwe ili kale mu Windows, ngakhale siifufuza mozama ngati inayo.

Lachiwiri linabwera mu Okutobala, fumbi litafika pachimake. Shopu yanga ili m'mbali mwa msewu wadothi. Tsiku lina ndinayatsa, fani ikuzungulira, sikirini bii, kanyali ka pabatani kakuphethira. Nditatsegula ndinapeza fumbi lofiira litayala paliponse, mpaka m'mipata ya RAM. Ndinazula onse anayi, ndinapukuta mapini awo agolide ndi rabala yofufutira pensulo, mopepuka, ndinasesa malowo ndi kabulashi kouma, n'kubwezeretsa mmodzimmodzi. Inayaka. Kuchokera pamenepo ndinaichotsa pansi n'kuikweza patebulo, ndipo ndimaitsegula kuipukuta nthawi ndi nthawi. Ambiri amataya makompyuta abwinobwino, kapena kulipira zambiri, pa vuto lomwe likanatha ndi rabala ndi bulashi.

Za magetsi ndinenepo pang'ono, chifukwa RAM yochuluka imabweretsa chizolowezi choopsa. Popeza kompyuta siikudandaula, umasiya ntchito zambiri zili chitsegulire osasunga. Koma RAM imagwira zinthu pokhapokha moto ulipo. Magetsi akangothima, chilichonse chomwe sichinasungidwe pa disk chapita. Word imadzisungira yokha mphindi 10 zilizonse ngati simunasinthe. Ine ndinatsitsa kufika pa mphindi 2, ndipo ndinagula ka UPS kakang'ono, kabatire kosunga moto magetsi akathima, kondipatsa mpata wosunga n'kuthimitsa bwino.

Mlamu wanga, ataona yanga, anawonjezera yake kufika pa 8 GB, koma anabwera akudandaula kuti amubera. Titayang'ana pa Settings, System, About, tinapeza kuti RAM yonse ikuoneka koma yogwiritsidwa ntchito ndi 3 GB ndi pang'ono. Windows yake inali ya 32-bit, yomwe siingagwiritse ntchito kuposa 4 GB. Njira yake ndi imodzi, kusunga mafayilo pena n'kuikamo ya 64-bit kuyambira pachiyambi. Yang'anani zimenezi musanatulutse ndalama.

Chomwe chikundidetsa nkhawa tsopano si RAM ayi. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imangofuna 4 GB ya RAM, koma imafunanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo purosesa ikakhala ya Intel, ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Yanga ndi ya m'badwo wa 3, choncho ngakhale ili ndi 16 GB siili pamndandanda. Pa kompyuta yomwe ndimalowetsamo mafulashi a anthu tsiku lonse komanso kudzazirapo mafomu okhala ndi manambala a ziphaso zawo, nkhani ya chitetezo sindingaitenge mopepuka. Ndayamba kuyesa Linux Mint, yomwe imayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, pa disk ina. Imayenda mopepuka kwambiri pa makina amenewa, LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ngakhale nthawi zina imasokoneza kaimidwe ka tsamba, ndipo pulinta yanga inaizindikira yokha. Chondigwira mwendo ndi CorelDRAW, yomwe ilibe mtundu wa Linux, ndiye ndikuphunzira Inkscape, pulogalamu ina yojambulira, madzulo ndikatseka.

Kompyuta yomwe ndidzagule m'tsogolo, yolandira Windows 11, idzakhala ya DDR4 kapena DDR5. SSD ndidzasamuka nayo, UPS ndidzasamuka nayo, koma ma RAM anayiwa adzatsala mu Dell momwemu. N'chifukwa chake amene ali ndi makina a DDR3 ndimamuuza kuti agule yokwanira ntchito ya lero basi, yakaunjika yoyesedwa bwino, ndalama yotsalayo aziunjika ya makina otsatira.