Ku Livingstone: wapansi, minibasi, takisi kapena bwato?

Ife a ku Lusaka tikatsika basi kumalo achilendo, maso amayamba kusakasaka minibasi, apo ayi dzanja limalowa m'thumba kukatenga foni kuti tiitane takisi ya Yango. Ku Livingstone chizolowezi chimenechi chimasocheretsa, chifukwa mzindawu uli pawiri. Pali tauni yakale, yomwe munthu amaimaliza ndi miyendo, ndiye kulinso mathithi a Mosi-oa-Tunya pa mtsinje wa Zambezi, pafupifupi makilomita 10 kumwera. Choyendera chokomera m'tauni si chimene chingakufikitseni bwino kumadzi.

Chinalekanitsa tauni ndi mtsinje ndi malungo. Azungu oyamba anamanga m'mphepete mwa madzi penipeni, pa Old Drift pomwe anthu ankaolokera, ndipo udzudzu unawatha. Manda awo alipobe m'kati mwa paki ya nyama. Mlatho wa njanji unatha mu 1905, ndipo m'zaka zomwezo anthu anasamukira kumtunda, pamchenga wouma. Tauni yatsopanoyo inakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, pomwe boma linasamukira kuno kwathu. Choncho amene akulota zodzuka m'mawa n'kuona Zambezi pawindo, ayambe wafunsa kuti malo ogonawo ali mbali iti. Otsika mtengo ambiri ali m'tauni.

M'tauni momwemo musawononge ndalama. Pafupifupi zonse zili m'mbali mwa msewu umodzi, wa Mosi-oa-Tunya, kapena pafupi nawo: mabanki, masitolo akale a makhonde aatali, ogulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, ndi Livingstone Museum yomwe inayamba mu 1934, yakale kuposa ina iliyonse mu Zambia. Muli makalata amene David Livingstone analemba ndi dzanja lake, ndipo munthu wosathamanga amatha maola awiri osazindikira. Railway Museum, komwe kuli mitu ya sitima zakale za malasha, ili chapatali pang'ono koma ndi poyendeka. Munthu wozolowera kuyenda mu Lusaka kuchokera pa siteshoni ya mabasi ya Intercity kukafika ku Soweto Market atanyamula chikwama sangadandaule. Mdani ndi dzuwa basi. Mu Okutobala kutentha kwa kumeneko n'kwina, ndiye yendani m'mawa, masana mubisale.

Nkhani imakula pa ulendo wa kumathithi, ndipo apa opikisana enieni ndi minibasi ndi takisi.

Minibasi ndiyo yotchipa, palibe wotsutsa. Imatsika ndi msewu womwewo mpaka pafupi ndi boda ya Zimbabwe, ndipo pomwe imakusiyani sipatalikirana ndi geti yolowera kumathithi. Mumakwera ndi amayi a geni komanso anthu opita kuntchito m'mahotela a kumtsinje. M'galimoto mumamveka Chitonga ndi Chilozi, koma mukalankhula Chinyanja kondakitala akuyankhani bwinobwino. Khalidwe lake ndi lomwe tikulidziwa pa siteshoni ya maminibasi ya Kulima Tower ku Lusaka: sinyamuka isanadzaze. M'mawa zimenezi sizivuta chifukwa okwera ndi ambiri. Vuto ndi pobwerera. Ine ndinatuluka kumathithi dzuwa litapendeka, zovala zitanyowa, miyendo ikunjenjemera chifukwa chokwera chitunda kuchokera ku Boiling Pot, dziwe la madzi ozungulira kumunsi kwa mathithi, n'kupeza minibasi imodzi yokha muli anthu atatu. Tinakhala momwemo mpaka malaya anaumira pathupi.

Takisi imadula kangapo kuposa minibasi ngati muli nokha, koma mukakhala anayi n'kugawana mtengo, kusiyanako kumachepa kwambiri. Apa mulibe mita, mtengo ndi wapakamwa, ndiye mugwirizane musanatsegule chitseko. Funsani momveka kuti, "Bambo, mtengowu ndi wopita pokha kapena ndi wobwerera womwe? Ndi wa galimoto yonse kapena wa munthu mmodzi?" Mikangano yambiri imabadwira pa mafunso awiriwa. Dalaivala akakusangalatsani tengani nambala yake, mumuuze nthawi yoti akakutengeni. M'tauni yaing'ono chonchi, dalaivala mmodzi wodalirika amakuthandizani kuposa foni yodzaza ndi ma app. Musanalipire aliyense, funsaninso komwe mukugona, chifukwa malo ena amanyamula alendo awo kupita kumathithi m'mawa.

Ine ndimasakaniza: kupita pa minibasi, kubwerera pa takisi yomwe ndapangana nayo kale.

Tsono pali njinga. Msewu ndi wa tala, makilomita ake ndi ochepa, ndipo mtima umati ndibwereke njinga ndipulumutse ndalama. Ena amafika poganiza zoyenda wapansi. Apa ndiye ndikukanizani ndithu. Msewuwu umadutsa m'dera la paki ya Mosi-oa-Tunya, ndipo njovu zimaoloka pomwe zafunira, makamaka m'chilimwe komanso chakumadzulo. Anthu a ku Livingstone enieni, odziwa njira zonse, anafapo chifukwa cha njovu. Ukakhala m'galimoto umaima patali n'kudikira kuti zidutse, koma panjinga ubisala kuti? Ngati mumakonda kupalasa, pitani ndi anthu otsogolera alendo amene amazungulira nawo m'makomboni ndi kumsika wa Maramba, dzuwa likadali m'mwamba.

Galimoto yanuyanu ili ndi mwayi umene zinazi zilibe. Mutha kulowa nayo m'paki kukaona manda a Old Drift, mbidzi ndi akadyansonga, kupita kumudzi wa Mukuni, kapena kukafika ku Kazungula kukaona mlatho watsopano umene unatsegulidwa mu 2021. Koma muwerengere bwino. Kuchokera ku Lusaka ndi makilomita oposa 450, kudzera ku Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, ndipo pali mafuta, ma toll gate ndi kutopa kwa woyendetsa. Kwa banja la ana ang'onoang'ono n'zomveka. Kwa anthu awiri opita masiku atatu, basi ya pa Intercity kuphatikiza takisi ziwiri zitatu imakusiyirani ndalama ya nsomba.

Bwato musaliwerengere ngati choyendera. Silikufikitsani kulikonse, limakutengani pagombe kumtunda kwa mathithi n'kukubwezerani pomwepo kukada. Komabe pa zonse zodula za ku Livingstone, ichi chokha ndi chimene sindinong'oneza nacho bondo. Mtsinje pamenepo ndi wotakata, woyenda mwakachetechete, mvuu zikufwenthera m'mbali, ng'ona zitagona pamchenga, ndipo kutali utsi wa mathithi ukukwera ngati tchire likupsa. Mpamene munthu umamvetsa chifukwa chake eni dera anati Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda. Mitengo yambiri ya kumtsinje amaitchula m'madola, ndiye musachite manyazi kufunsa ngati pali mtengo wa eni dziko. Pageti ya kumathithi ndiye ulipo ndithu, wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa alendo akunja. Musaiwale reji, chitupa chanu cha unzika, kunyumba.

Mukalowa getiyo zoyendera zonse zatha, yatsala miyendo. Kuyambira Malichi mpaka Meyi madzi amakhala ochuluka moti pa Knife-Edge Bridge, kamlatho ka oyenda pansi koyang'anizana ndi mathithi, mumanyowa ngati mwagwa m'chitsime, ndipo foni ikufunika pulasitiki. Mu Okutobala ndi Novembala mbali yathu ya Zambia imatsala miyala yambiri, madzi ochuluka akugwera chakumbali ya Zimbabwe. Mlatho wa 1905 uja mutha kuuyenda wapansi: mumauza a imigireshoni kuti mukungofika pamlatho, amakupatsani kapepala, n'kukaima mamita oposa 100 pamwamba pa madzi, kuonerera anthu olimba mtima akudumpha atamangidwa chingwe kumiyendo.

Panjira ya kumlathoko ndi pomwe anyani amalamulira. Amadziwa jumbo ya m'sitolo kuposa mwana, ndipo saopa munthu. Mlamu wanga anatsika takisi atanyamula buledi ndi nthochi zoti tidye masana. Sanayende masitepe khumi. Chinyani chachimuna chinabwera cham'mbuyo, kutsomphola jumbo yonse, n'kukakhala pamwamba pa thiraki kumasenda nthochi chikutiyang'ana.