Marlin 336 Itamangidwa Galasi Lolozera: Zomwe Chandamale Chinaonetsa

Mfuti ya Marlin 336, yomwe inayamba kupangidwa ku America mu 1948, ndakhala nayo kwa zaka zingapo pa chiphaso cha boma, ndipo ntchito yake ndi kuteteza munda wanga wa chimanga kufupi ndi Namwera ku nguluwe zomwe zimatsika m'mapiri usiku. Imagwiritsa ntchito zipolopolo za .30-30 Winchester, ndipo chipolopolo chimalowa mu mpope munthu akakankhira kutsogolo ndi kubweza chitsulo chopindika chomwe chili pansi pa dzanja. Alenje ambiri amati mfuti zoterezi sizilunjika, choncho ndinaimanga galasi lolozera kuti ndione ndekha.

Galasilo limakhala bwino pa mfutiyi chifukwa chikhungwa cha chipolopolo chimatulukira m'mbali, pamwamba nkukhala potseka, pamene mfuti ina yotere, Winchester 94 yakale, inkatayira m'mwamba mpaka mu 1982. Vuto ndi lakuti galasi likatsika kwambiri chala chachikulu chimalephera kufika pa kanyundo kakumbuyo kwa mfuti komwe kamamenya kuti chipolopolo chiphulike, motero ndinawonjezerapo kachitsulo kotulukira kumbali.

Ndinayesera m'mamawa mu Okutobala, mfuti itagona pa matumba a mchenga, chandamale chili pa mamita 100 kutsogolo kwa chulu chachikulu chomwe chinkalandira zipolopolo zonse. Zitatu zoyamba za 170 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) zinagwa moyandikana kotero kuti bokosi la machesi linabisa mabowo onse, koma za 150 grain zinamwazikana mpaka kukula kwa chikhatho. Zonsezi ndi zansonga yafulati, popeza zimandandana mu chubu cha pansi pa mpope, nsonga ya china itagunda kumbuyo kwa chinzake, ndipo nsonga yakuthwa ikhoza kuphulitsa chakutsogolo mfuti ikagwedezeka. Za kampani ya Hornady zotchedwa LEVERevolution, za 160 grain, zimapewa ngoziyi ndi nsonga yofewa. Zinalunjika bwino, koma zinagwa chakumtunda, ndipo ndinayenera kukonzanso galasi.

Chomwe chinandidetsa nkhawa ndi kutentha. Pofika chipolopolo chachinayi ndi chachisanu mabowo anayamba kukwera m'mwamba, chifukwa chubu chija chinamangidwa ku mpope ndi mphete yachitsulo, ndipo mpope ukatentha nkufutukuka mpheteyo imaukakamiza pang'ono. Dzuwa la ku Mangochi litakwera, mpope unkachedwa kuzizira ngakhale pansi pa mtengo wa mango, ndipo amene angayese zipolopolo mothamanga pa nthawi yotere adzaiweruza mfutiyi molakwika.

Kwa ine chofunika ndi chipolopolo choyamba cha mpope wozizira, chifukwa sindifuna nguluwe yovulala izikazunzika m'thengo kapena kuopseza amayi otola nkhuni. Pa mtunda wosapitirira mamita 150 ndimaikhulupirira Marlin 336 ndi zipolopolo za 170 grain. Kupitirira apo chipolopolo chimatsika msanga, ndipo sindiwombera.