Makina a xenon ndinawaona, ntchito yake ayi

Abale anga a ku Nkhotakota, makamaka inu ojambula X-ray amene mukundivutitsa pa WhatsApp kuti ndikupatseni nambala ya "bwana uja", nambalayo sindikupatsani. Imvani kaye.

Mu 2023 bwanayo, ali mu ofesi yake ku Lilongwe, anandilonjeza ntchito ku England yojambula mapapo ndi MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito) ya mpweya wa xenon. Anati odziwa X-ray ngati ine akusowa. Mtengo wake mapaundi 4,000. Bambo anagulitsa boti la injini ndi chilimira chomwe. Nditangolipira, panatuluka ya "kusunga malo", 1,500. Kenako ya kalata ya olemba ntchito, 2,000. Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti ndisanamalize kulipira, iye n'kumati mtengo uli m'mapaundi, za kwacha sizikumukhudza. Zonse 7,500, osawerengera ndege, viza, kuyezetsa TB ndi mayeso a Chingerezi a IELTS!

Pa kalatayo panalembedwa ntchito yosamalira nkhalamba. Nditafunsa anati limenelo ndi khomo lolowera chabe, pakatha miyezi itatu andisamutsa. Ndinakhulupirira, poti mtima unali utakwera kale ndege. Kufika kuno, maola 40 pa sabata amene anandilonjeza anasanduka 16, ndipo mapaundi 500 a chipinda ankadula malipiro asanandifike. Foni ya bwana uja inasiya kulowa.

Makina a xenon aja alikodi, si bodza. Ndinawaona nditadzipereka kuti andiyese pa kafukufuku wina. MRI wamba saona bwino mapapo chifukwa muli mphepo yambiri, madzi ochepa. Ndiye amatenga mpweya wa xenon-129 n'kuudutsa m'botolo lagalasi lotenthetsedwa momwe muli nthunzi ya chitsulo chotchedwa rubidium. Laser imawomba nthunziyo, maatomu ake n'kuloza mbali imodzi, ndipo akamagundana ndi a xenon amawapatsira kuloza komweko. Pamenepo MRI imaumva mpweyawo mwamphamvu kuchulukitsa ka masauzande. Amauumitsa ndi nitrogen wamadzi wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, n'kuusungunulira m'kathumba kapulasitiki. Mphamvuyo sichedwa kutha, motero kathumbako amathamanga nako ngati nsomba yapompo dzuwa lili paliwombo.

Ndinagona m'makinamo, n'kukoka mpweya wa m'kathumba, n'kubanika masekondi pafupifupi 15. Mutu unapepuka, milomo inachita dzanzi, ndipo nditayankhula mawu anga anatuluka abesi ngati a agogo aamuna. Pa kompyuta ndinaona mapapo anga akuwala mbali zonse. Mwa munthu wa mphumu, akuti pamene mpweya sukufika pamaoneka mdima. Xenon amalowanso m'magazi, ndiye amaonetsa ngati mpweya ukuwolokadi kuchoka m'mapapo. Zokongola, sindikana. Koma oyendetsa laser m'chipinda chimenecho anali akatswiri a physics. Ngakhale ku America njirayi inavomerezedwa kugwiritsidwa ntchito pa odwala mu Disembala 2022 pomwepa. Ndiye mukuganiza kuti malo ake angakhale mbwee mpaka kukawagulitsa ku Lilongwe?

Woona mtima ndinakumana naye mmodzi, mayi wina wopezera anthu ntchito za m'zipatala. Sananditengere ngakhale tambala. Anandiuza kuti popanda kulembetsa ku HCPC, bungwe la kuno lopereka chilolezo kwa ojambula X-ray ndi ena a zachipatala, sindingajambule wodwala, dipuloma kaya ikhale yowala motani. Anati lamulo la kuno silola wopezera anthu ntchito kulipiritsa wofuna ntchitoyo. Anawonjezera kuti Malawi ali pa mndandanda wofiira wa mayiko osowa ogwira ntchito zachipatala, kotero palibe wololedwa kubwera kudzakusakani. Wofuna amafunsira yekha, mwachindunji. Ndinatuluka muja miyendo ili lende.

Ndiye inu achimwene mukufuna kugulitsa dimba la mpunga, mukuti mudzatumize chithunzi mutavala yunifolomu pa chipale chofewa, dzukani. Khomo la osamalira nkhalamba limene ine ndinalowera linatsekedwa mu Julayi 2025 kwa ochokera kunja. Wokugulitsani lero akugulitsani mphepo. Ngati mtima uli pa MRI, yambani ndi mapepala a HCPC muli konko, ntchito yanu musanaisiye. Anga ndatumiza chaka chino. Bambo akadakwerabe boti la eni ake, ndipo pa 7,500 ija ndabweza 2,300.