Maikulosikopu ya ophunzira: ribosome simudzaiona, koma nucleolus imaoneka bwino

Ndapereka nyenyezi 3 mwa 5. Makinawa ndi abwino, koma zolembedwa pa bokosi lake n'zabodza, ndipo amene angagule chifukwa cha zolembedwazo adzakhumudwa.

Ndimaphunzitsa bayoloje pa sekondale yoyendera, ndipo maikulosikopuyi ndinaiitanitsa pa intaneti kuti ana a Fomu 3 aziona selo ndi maso awo m'malo momangojambula za m'buku. Thupi lake ndi lachitsulo, silogwedera, ndipo chopukusira chake chimayenda mofewa. Ili ndi malenzi anayi a pansi, 4x, 10x, 40x ndi 100x, komanso awiri oika diso, 10x ndi 25x. Nyali yake ndi ya LED ndipo imayenderanso mabatire, choncho magetsi akazima phunziro siliima. Pa mbali imeneyi ndilibe dandaulo.

Vuto lili pa bokosi. Analembapo kuti imakulitsa chinthu maulendo 2500, n'kujambulapo selo yokhala ndi timadontho ta ma ribosome tooneka bwinobwino, ngati kuti mudzationa. Simungatione. Ribosome, kamene kamalumikiza ma amino acid kukhala puloteni, kukula kwake ndi ma nanomita 25 mpaka 30 (milimita imodzi ili ndi ma nanomita miliyoni), pomwe maikulosikopu iliyonse wamba yogwiritsa ntchito kuwala siingasiyanitse tinthu tiwiri toyandikana kuposa ma nanomita pafupifupi 200. Malire amenewa amachokera ku kuwala kwenikweniko, osati ku mtengo wa makina. George Palade, amene anafotokoza timadonthoti mu 1955, anagwiritsa ntchito maikulosikopu ya ma electron. Mukaphatikiza 100x ndi 25x chithunzi chimakuladi, koma chimangochita mbuu, palibe chatsopano chimene chimatuluka. Lenzi ya 25x ndinangoibwezera m'bokosi.

Chimene chimaoneka, ndipo n'chimene chandichititsa kuti ndisawabweze makinawa, ndi nucleolus. Sendani kakhungu kam'kati mwa anyezi, dontheza ayodini, vundikirani ndi kagalasi, ikani pa 400x. Nyukiliyasi imaoneka yozungulira, ndipo m'kati mwake muli kadontho kodera, nthawi zina tiwiri: kameneko ndiko nucleolus. Pa silayidi ya nsonga ya muzu wa anyezi imene inabwera limodzi ndi makinawa, ana anaona okha kuti m'maselo amene akugawikana kadontho kaja mulibe. Nucleolus imamwazika selo ikayamba kugawikana, n'kudzapangikanso kumapeto.

Kabuku kamene anaikamo kangonena mzere umodzi, wakuti nyukiliyasi imasunga DNA ndipo mapuloteni amapangidwa kunja kwake. Si bodza ayi, koma mwana woloweza zimenezi amaganiza kuti nyukiliyasi ilibe gawo pa ntchito ya ma ribosome, pomwe kadontho kamene akukaonako ndiko kochokera ma ribosome onse a mu cytoplasm, gawo la selo la kunja kwa nyukiliyasi. Mwa munthu, majini a ribosomal RNA, RNA yopangira ribosome, ali pa ma chromosome 13, 14, 15, 21 ndi 22, ndipo nucleolus imapangika mozungulira malo amenewa. Puloteni yotchedwa RNA polymerase I imakopera kuchokera ku majiniwa chingwe chimodzi chachitali cha RNA chimene chimadulidwa kukhala tizidutswa titatu, 18S, 5.8S ndi 28S. Kachinayi, 5S, kamakoperedwa kunja kwa nucleolus ndi RNA polymerase III. Mapuloteni pafupifupi 80 a ribosome amapangidwa mu cytoplasm, n'kulowa m'nyukiliyasi kudzera m'timabowo ta pa khungu lake, n'kukumana ndi RNA ija. Zimatuluka zili zigawo ziwiri, chaching'ono 40S ndi chachikulu 60S, chilichonse pachokha. Ana ndimawauza kuti zili ngati mtondo ndi munsi zosemedwa kwa mmisiri mmodzi, zimene zimasinja pokhapokha zikakumana pamene pali chimanga. Chimangacho ndi mRNA, RNA yonyamula malangizo opangira puloteni, ndipo zikakumana pamenepo zimakhala 80S. Inde, 40 ndi 60 sizipanga 80 pa masamu, ndipo pamakhala mwana wokweza dzanja nthawi zonse. S ija imayeza liwiro limene chinthu chimakhazikikira pansi chikazunguzidwa m'makina, ndiye saiwonkhetsa.

Aphunzitsi anzanga okonzekeretsa ana olowera ku zachipatala angakonde kudziwanso kuti ena mwa mapuloteniwa amagwira ntchito ina m'nyukiliyasi momwemo. Kupanga ma ribosome kukasokonekera, RPL5 ndi RPL11 pamodzi ndi 5S zimagwira puloteni yotchedwa MDM2, imene ntchito yake ndi kuwonongetsa p53, puloteni yoletsa selo kugawikana. Ikagwidwa, p53 imachuluka, selo imaleka kugawikana kapena imafa. Matenda osowa magazi a Diamond-Blackfan, amene amayamba mwana ali wakhanda, kawirikawiri amabwera chifukwa cha kuwonongeka kwa imodzi mwa majini a mapuloteni a ribosome, makamaka jini ya RPS19. Palinso mkangano woti kaya mapuloteni ena amapangidwira m'nyukiliyasi momwemo. Mu 2001, Iborra, Jackson ndi Peter Cook wa ku Oxford anasindikiza m'magazini ya Science zotsatira zosonyeza kuti zimachitika, ena anatsutsa kuti zimene anaonazo zinachokera ku cytoplasm yotsalira, ndipo nkhaniyi sinagamulidwe. Pa mayeso a MSCE ana alembe kuti mapuloteni amapangidwa pa ma ribosome a mu cytoplasm, asakatenge mkanganowu kupita nawo m'chipinda cha mayeso.

Zina zing'onozing'ono: mafuta oika pa lenzi ya 100x sanaikemo, ndipo popanda mafutawo lenziyo ndi yongokongoletsa. Timagalasi tovundikira ndi tochepa kwambiri poyerekeza ndi kalasi ya ana ambiri ngati athu, ndipo timasweka msanga m'manja mwa ana a Fomu 1. Ndinawalembera ogulitsa za chithunzi cha pa bokosi chija, iwo anangoyankha mwaulemu kuti n'chokometsera malonda.

Ngati mukufuna kuonetsa ana khoma la selo, nyukiliyasi, nucleolus ndi magawo a mitosis (kugawikana kwa selo), gulani, ikukwanirani. Itanitsirani limodzi mafuta a lenzi, ayodini ndi paketi ina ya timagalasi. Za ribosome yeniyeniyo, sakani pa intaneti zithunzi za maikulosikopu ya ma electron, musindikize zingapo zopachika pakhoma.