Land Cruiser 80 yokwezedwa: mmene chiwongolero chakhalira chikonzereni caster

Land Cruiser 80 yanga ndi ya injini ya dizilo ya 1HZ, imodzi mwa zija Toyota inkapanga pakati pa 1990 ndi 1997. Chaka chatha ndinaikweza ndi masentimita 5 poika masipuling'i ndi mashoko ataliatali, komanso matayala a 285/75R16, chifukwa ntchito imandipititsa m'misewu yafumbi ya ku Rumphi mpaka ku Nyika. Kunsi kunasiya kukhula miyala, koma pa phula galimoto inasintha khalidwe. Ikafika pa makilomita 80 pa ola inkasochera yokha, kutsata timikwasa tosiyidwa ndi mathiraki, ndipo ndikakhota chiwongolero sichinkabwerera chokha pakati. Ulendo wa Lilongwe kupita ku Mzuzu ndinkafika mapewa akuwawa. Tayala likagunda dzenje, kutsogolo konse kunkanjenjemera kwa kanthawi.

Pafupifupi aliyense amene ndinamufotokozera ankati ndigule steering damper yamphamvu, kashoko kochepetsa kugwedera kwa chiwongolero. Bambo amene amandikonzera galimoto anakana, nati tiyambe tayeza. Makina a alayimenti anaonetsa kuti caster yatsika mpaka kusafika digiri imodzi, pamene ya kufakitale imakhala pafupifupi madigiri 3.

Caster ndi kupendekera kumbuyo kwa mzere umene tayala limatembenukirapo pokhota, monga mmene foloko ya njinga imapendekera. Ndiyo imachititsa galimoto kufuna kuyenda molunjika. Pa 80, ekiselo yakutsogolo ndi chitsulo chimodzi chathunthu, chogwiridwa ndi mikono iwiri yotchedwa radius arm, yomangidwa ku chesisi chakumbuyo kwake. Mukakweza galimoto, mikonoyo imaweramira pansi, ekiselo imagudubukira kutsogolo pang'ono, caster n'kuchepa. Damper siingabweze zimenezi. Imangolimbitsa chiwongolero m'manja, vuto lili pomwepo.

Tinayamba ndi zakutha. Ma tie rod end awiri (mfundo za kumapeto kwa chitsulo chokhotetsa matayala) ankagwedera, ndipo mabering'i a mu knuckle (pamene tayala limatembenukira pokhota) anali atadyeka, girisi atasakanikirana ndi mafuta a mu dif (magiya a mu ekiselo). Zimenezi zinalipo kale, kungoti matayala olemera anaziulula. Kenako tinaika mabushi okonzera caster (timphete tolowa pamene mikono ija yagwira ekiselo), amene bowo lawo silili pakati, ndipo amaitembenuzira ekiselo kumbuyo. Tinaikanso panhard rod (chitsulo choletsa ekiselo kusunthira m'mbali) yosinthika kutalika, chifukwa kukweza kumakokera ekiselo mbali imodzi. Pomaliza anakonza toe (kuloza mkati kapena kunja kwa matayala akutsogolo) n'kuwongola chiwongolero. Caster inabwerera pafupi ndi 3. Damper tinasiya yakale yomwe ija.

Tsopano chilimwe chatha, dzinja nalo lapita, galimoto yayenda pa M1 ndi m'matope momwe. Pa phula ndimagwira chiwongolero mopepuka, ndipo chimabwerera chokha ndikatuluka m'makhota a pa Chiweta. Kunjenjemera kuja sikunabwererenso, ngakhale m'maenje a pakati pa Salima ndi Nkhotakota. Matayala akutsogolo akudyeka mofanana mkati ndi kunja. Chiwongolero chalemererako pang'ono poimika galimoto m'tauni, koma ndi mmene caster yokwanira imakhalira, ndipo sindidandaula nazo.

Pamene pafunika maso ndi pa mabushi aja. Popeza bowo lili chambali, mbali imodzi ya bushi ndi yopyapyala, ndipo ndi imene imavutika ekiselo ikamapindika m'malo a zigwembe. Nditabwera kuchokera ku Chelinda kudzera pa geti ya Thazima kumapeto kwa mvula, ndinatsuka matope n'kupeza timing'alu pa mabushi awiri, mbali yopyapyalayo. Sanayambe kugwedera, koma n'zoonekeratu kuti sadzakhalitsa ngati a kufakitale. Ndaonanso kuti pokwera msewu wa Golodi kupita ku Livingstonia, m'makhota othina okhala ndi miyala, tayala lakutsogolo limanyamuka msanga kusiyana ndi kale, chifukwa mabushiwa ndi olimba, salola ekiselo kupindika kwambiri. Kwa munthu amene amayenda pa phula nthawi zambiri, zimenezi si nkhani. Kwa ine, amene theka la maulendo anga ndi a kutchire, ndi mtengo umene ndikulipira.

Nati yomanga panhard inamasukako pambuyo pa mabampu a msewu wa ku Nyika, ndipo ndinamva kagugu pokhota. Tinaimanga n'kulembapo mzere wa penti, kuti ikasuntha ndizingoona ndi maso.

Pali china chimene ambiri okweza 80 amachiiwala, ngakhale si cha chiwongolero. Kumbuyo kuli valavu yogawa mphamvu ya mabuleki molingana ndi katundu. Galimoto ikakwera, valavuyo imaona ngati mulibe katundu, n'kuchepetsa mabuleki akumbuyo. Titasintha kachitsulo kolumikiza valavuyo ku ekiselo yakumbuyo, galimoto inayamba kuima bwino potsika mapiri, kutsogolo osamira kwambiri.

Chimene sichinatheretu ndi kupendama pokhota. Galimoto yokwera imapendama basi, makamaka denga likasenza matenti ndi zigubu. Ndimangochepetsa liwiro, ndipo zolemera ndimaika pansi, mkati.

Amene mwakweza ndi masentimita 5, yezetsani caster musanagule china chilichonse, ndipo funsani kuti akupatseni pepala la manambala, osangomva kuti zili bwino. Mukakweza kupitirira pamenepo, mabushi okha sakwanira, mudzafunika ma caster plate (zitsulo zomangira pa mikono ija zotembenuza ekiselo) kapena mikono ina, ndipo muzimvetsera ngati propshaft yakutsogolo (chitsulo chozungulira chopititsa mphamvu ku dif) yayamba kulira, chifukwa kutembenuza ekiselo kumasinthanso mmene dif yaloza. Ineyo mabushiwa akadzatha ndidzaika ma plate ndi mabushi a raba a kufakitale, ndipo ndikufuna ndichite zimenezi mvula ya Novembala isanayambe.