Ulendo wa basi wopita ku Holy Island: nyenyezi zitatu, ndipo zonse ndi za agogo otiperekeza

Ndiyambe ndi chimene chikundiwawabe. Mapaundi 65 amene ndinalipira pa munthu, ine ndi mwana wanga wamkazi, ndi thukuta la mashifiti ausiku. Basi yoti inyamuke ku Newcastle 8 koloko inatulukira nthawi ikuthamangira 10. Aliyense wokhala kuno amadziwa kuti msewu wolowera pachilumba cha Holy Island, kumpoto chakum'mawa kwa England, umamira kawiri pa tsiku nyanja ikadzaza. Pofika ife madzi anali atatseka kale, tinangoima tsidya lino n'kumachionera patali. Nditaimba ku ofesi ya kampani yokonza ulendowu, mayi amene anayankha anati nyanja si yawo, n'kudula foni. Mpaka lero sanabweze ngakhale khobidi.

Ndinali nditatsimikiza kuwapatsa nyenyezi imodzi. Anandibweza mtima ndi agogo ena a imvi mbuu, mphunzitsi wopuma, amene amaperekeza alendo. Anapepesa ngati olakwa ndi iwo, n'kupempha dalaivala kuti atembenuze tikaone tchalitchi cha St Paul ku Jarrow.

Kampaniyi imatsatsa ulendowu ndi dzina loti wa "nyengo ya mdima", dzina limene ena amatchulira zaka mazana angapo zotsatira kugwa kwa ufumu wa Roma ku Ulaya, ndiye titalowa mwana wanga anafunsa kuti, "Agogo, mdimawo unali wotani?" Sanayankhe msanga. Anamugwira dzanja mpaka pakawindo kakang'ono m'khoma lamiyala, mmene anaikamo tizidutswa ta galasi lamitundu tofukulidwa pamalo pomwepo, ta zaka pafupifupi 1,300. Dzuwa linali likudutsamo. Kenako anatiloza mwala wolembedwa m'Chilatini tsiku limene anapatula tchalitchicho, 23 Epulo 685. Mwanayo, amene foni sichoka m'manja, anaiika m'thumba yekha.

Pamenepo anatisimbira za Bede, amene analowa moyo wa amonke ali ndi zaka 7 n'kumwalira pa Jarrow mu 735. Ndiye anafalitsa kuwerenga zaka kuyambira pa kubadwa kwa Khristu, monga timachitira pakalendala lero. Analemba kuti dziko ndi lobulungira ngati mpira. Amonke anzake anakopera pamanja Mabaibulo athunthu atatu, ndipo limodzi likadalipo ku Florence, ku Italy, lolemera makilogalamu oposa 30, lolembedwa pa zikopa za ana a ng'ombe oposa 500. Ine ndinaweta ng'ombe ndili mwana, ndikudziwa kuti khola lotere si la anthu osadziwa chimene akuchita.

Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti mu 725 Bede yemweyo analongosola kuti kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja kumatsata mwezi, komanso kuti nthawi yake imasiyana doko ndi doko. Mkwiyo unandibwerera pomwepo. Munthu wolemba ndi nthenga ankazidziwa izi, koma kampani yokhala ndi intaneti yalephera kuwerenga ndandanda ya madzi, n'kumatcha nthawi ya mnzawoyo kuti ya mdima. Zimenezi sizoona ayi.

Agogowo sanakometsere zinthu. Anati miliri inkapululutsa anthu, ukapolo unalipo, ambiri sankadziwa kuwerenga, ndipo mu 793 ma Viking, ankhondo apanyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya, anafunkha nyumba ya amonke ya pachilumba chimene tinalephera kufikacho. Koma dzina la mdimalo, anati, linayamba ndi Petrarch, mlakatuli wa ku Italy, m'zaka za m'ma 1300, amene ankasirira Roma wakale, ndipo linakhazikika kuno chifukwa zolembedwa za zaka zotsatira kuchoka kwa Aroma cha m'ma 410 zinatsala zochepa. Zinandikhudza, chifukwa nafenso kwathu kunkatchedwa dziko la mdima ndi anthu amene sanafune kufunsa kuti makoma a Great Zimbabwe anamanga ndani.

Zina zonse n'zapakatikati: mipando yothina, masangweji ozizira, chimbudzi cha m'basi chokiya ulendo wonse.

Ngati mukufuna kupita, onani nokha nthawi yowolokera musanalipire, ndipo funsani ngati tsikulo akuperekeza ndi agogo a imviwo. Ndalembera kampaniyo kachiwiri kuti ibweze theka la ndalama ndi kuchotsa mawu a mdima pachikalata chawo chotsatsira. Akayankha ndidzawonjezera nyenyezi yachinayi.