Loveless Cafe kapena Cracker Barrel, mungadye kuti?

Mukafika ku Tennessee ku America njala itakugwirani pamsewu, malo awiriwa ndiosiyana zedi. Loveless Cafe ili pa Highway 100 ku Nashville, inayamba 1951 pomwe Lon ndi Annie Loveless ankakazingira apaulendo nkhuku pakhomo pawo, mpaka lero anthu amapitira nkhuku yomweyo, nyama ya nkhumba yamchere ndi mabisiketi otentha opaka jamu, komatu mabisiketi akumeneko ndi masikono basi musayembekezere zokhukhuta.

Cracker Barrel ndiya 1969, inayambira m'tauni ya Lebanon ku Tennessee konko, pano nthambi zapitirira 600, mipando yogwedera pakhonde, kashopu mkati, grits (phala la chimanga lija) amakoma chimodzimodzi kulikonse.

Wothamanga aime ku Cracker Barrel. Ine bola Loveless, ilipo imodzi yokha, ngakhale pa wikendi mzere wake mmm.